Makolala Atatu mu Envelopu ya Khaki

Rusmiyati wa ku tawuni ya Ungaran, yemwe anthu amangomutcha Rus, anasoka makolala a malaya kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanasokepo malaya athunthu ngakhale amodzi. M'fakitale ndi mmene zimakhalira: wina manja, wina matumba, wina mabatani, iye kolala. Ntchitoyo inamulowa m'magazi mpaka inakhala ngati matenda. Akakwera minibasi maso ake ankathamangira pakhosi pa anthu. Ngakhale tsiku la ukwati wake, mkulu womangitsa ukwati ali pakati pa malangizo, Rus anali kalikiliki kuyang'ana nsonga yakumanzere ya kolala ya mkuluyo, yomwe inali yaitali kuposa inzake. Malangizo a tsikulo sakumbukapo ngakhale amodzi, koma kolalayo amaikumbuka mpaka lero.

Chakudza sichiimba ng'oma. Idi itangodutsa, antchito anabwerera kutchuthi n'kupeza geti la fakitale lili ndi loko, pepala litamatidwa pamenepo. Anthu zikwi ziwiri anaima pamsewu manja ali m'khosi. Rus anali ndi zaka 38, mwamuna mmodzi ndi mwana mmodzi, Nindya. Mwamunayo, Jumadi, anali wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo kutsekedwa kwa fakitale kunamupweteka kawiri: okwera anatha, kenako amuna onse ochotsedwa ntchito anasanduka akabaza. Pasiteji pankakhala njinga makumi atatu kulimbirana gogo mmodzi wochokera kumsika.

Rus anayamba kufunafuna ntchito monga mmene aliyense kwathu kuno amafunira. Umagula envelopu ya khaki. Umaikamo kalata yolemba pamanja, fotokope ya chitupa, ya satifiketi ya sukulu, kalata ya kupolisi yoti sunabepo nkhuku ya munthu, ndi chithunzi. Chithunzicho nacho chili ndi lamulo lake: wobadwa chaka chosagawika pawiri amajambulitsa kumbuyo kuli nsalu yofiira, winayo ya buluu. Rus anasamala zonsezi ngati mankhwala a mwana. Anavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, n'kuyamba kuyenda geti ndi geti. Mlonda ankalandira envelopu osamuyang'ana n'komwe, n'kuiponya m'katoni momwe munali kale anzake mazanamazana.

"Tikuimbirani, Bu," ankatero alonda onse, ngati anaphunzira sukulu imodzi. Bu ndiye "mayi" kwathu kuno.

Pamageti ponse pankalembedwa zofanana: zaka zosapitirira 25, wodziwa ntchito, wooneka bwino. Ndani analemba zimenezi, ndipo anaganiza kuti munthu ntchito amaidziwira m'mimba mwa mayi ake? Rus anaponya maenvelopu makumi anayi ndi imodzi m'miyezi inayi. Foni yake ankaigoneka pamtsamiro, ankapita nayo ngakhale kubafa, koma oimba anali amodzimodzi: mlamu wake, Darsih.

Darsih ankadziwana ndi munthu wotumiza amayi ku Taiwan kukasamalira nkhalamba. Zaka zitatu osabwera kunyumba.

"Rus, usamachite ngati mwana," anatero Darsih tsiku lina atakhala pakhonde. "Gulu likunyamuka pa 1. Pano ukudikira chiyani? Fakitale iti ingatenge gogo ngati iwe, pomwe atsikana a masaya osalala ali mbwee pageti?"

"Nanga Nindya, Yu, mlamu wanga?"

"Nindya adya mpunga kapena adya nkhope yako? Mayi ako sanapite? Iwe sunakule?"

Apo Darsih anaponda pachilonda. Mayi ake a Rus anapita ku Arabiya iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako ali ndi khumi ndi ziwiri. Tsiku lomwe anafika, atanyamula chisutikesi chobiriwira, Rus anakabisala kuseri kwa chitseko poganiza kuti ndi mlendo. Anamubweretsera chidole cha mwana wamng'ono ndi madiresi omwe sanamukwane. Mpaka kumwalira kwawo, awiriwo ankalankhulana mwaulemu ngati anthu okumana m'basi. Rus analumbira kuti wake sadzamusiya. Koma lumbiro saphikira, ndipo mpunga m'chidebe unali utafika pansi. Anauza Darsih kuti mwezi ukatha asanapeze ntchito, akasaina.

Madzulo ake Jumadi anatsitsa chisutikesi chobiriwira chija pamwamba pa kabati kuti achipukute nkhungu. Nindya, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anaima n'kumachiyang'ana. M'mawa uliwonse chiyambire sukulu, mwanayo ankabwera ndi chipeso n'kukhala pakati pa mawondo a mayi ake kuti amuluke tsitsi. Tsiku lotsatira sanabwere. Rus anamupeza ataima pagalasi, akulimbana ndi tsitsi lake yekha.

"Bwera ndikuluke, Nduk, mwana wanga."

"Ayi, Bu, ndiluka ndekha. Ndizolowere."

Anapita kusukulu ndi malukidwe opotoka, kwina kothina kwina kolendewera. Rus analowa kukhitchini n'kulira mpaka mpunga unapserera.

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwezi uthe, Rus anakaponya envelopu ina kudera la mafakitale la kumunsi kwa msewu waukulu. Dzuwa linali litamuwamba, njala itamukola. Pafupi ndi geti lina panali ngolo ya bambo wina wachikulire, Kasmuri, wogulitsa nthochi zokazinga ndi zakudya za soya, tempe ndi tofu. Rus anagula nthochi ziwiri, ndipo bamboyo anazikulunga m'pepala monga amachitira onse. Atakhala pabenchi, anadya imodzi, kenako maso ake anagwera papepalalo. Mafuta anali atalilowerera, koma zilembo zinkaoneka bwinobwino. Linali dzanja lake. "Ine Rusmiyati, wa zaka 38, ndikupempha modzichepetsa..."

Anaimirira nthochi ili kukamwa.

"Pak! Bambo! Pepala ili mwalitenga kuti?"

"Lavuta n'chiyani, Mbak, mchemwali? Ndi loyera limenelo, ndimasankha."

"Ndi kalata yanga iyi! Ndinailemba ndekha, katatu, kuti isakhale ndi chofufuta!"

Kasmuri anatenga pepalalo, n'kulitalikitsa ndi maso, n'kugwedeza mutu. "Iii, dzanja labwino zedi. Pepani, Mbak. Ndimagula pakilo kwa anyamata otola mapepala. Ena mwa maofesiwa katoni ikadzadza amangoitulutsa. Musadandaule, muli pagulu labwino. Dzulo ndakulungira tofu munthu wa digiri ya zamalamulo."

Rus anafuna kutukwana, koma chomwe chinatuluka chinali chiseko. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kusiya. Miyezi inayi! Nsalu yofiira, kalata ya kupolisi, nsapato zakutha zidendene, zonsezo kuti akulungire nthochi. Kasmuri anamusiya alire, kenako anamupatsa tiyi wozizira.

"Mbak, mumasoka chiyani?"

"Makolala."

"Makolala okhaokha?"

"Zaka naintini."

Bamboyo anaika chipande pansi. "Ndiye mwakhala mukugogoda pakhomo lolakwika. Envelopu imapita kwa mwana wa mu ofesi, amene singano sanaigwirepo. Iyeyo amangoona chaka chobadwa, basi, m'katoni. Amene akusowa tulo chifukwa cha ntchito ndi wina. Ine pano ndakhala zaka makumi awiri, ndipo fakitale ndimaidziwa ndi mafuta anga. Ikamafa, atsikana amagula tempe imodzi n'kugawana. Ikalandira oda, malole a makontena amafola apo ndipo nthochi zimatha isanakwane 7. Tayang'anani geti labuluulo. Mwawaona makontena atatu aja? Sabata yachiwiri ino sakusuntha. Khalani pano nthawi ya nkhomaliro, mutseke pakamwa, mutsegule makutu."

Safunsa anadya phula. Rus anakhala. Belu litalira, atsikana a geti labuluu anatuluka ngati njuchi, n'kuzungulira ngolo, aliyense akudandaula.

"Atimasulitsanso, Pak! Makolala mazana asanu!"

"Mzungu wa oda uja akungopinda kolala pakati, nsonga zikasiyana pang'ono, kwatha, wabweza bokosi lonse."

"Bu Hartatik lero alusa ngati mavu. Ine ndaboola atatu ndi sizasi potembenuza, ndangowabisa m'thumba."

Rus anamva kuyabwa m'zala. Ankadziwa chomwe ankalakwitsa anawo ngati kuti waima kumbuyo kwawo. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, akuthandiza Kasmuri kusenda nthochi kwinaku akutola nkhani. Anadziwa kuti fakitaleyo inkasoka zovala zamasewera ndipo malaya a kolala inali oda yawo yoyamba. Anadziwa kuti Hartatik ndiye kapitawo wa malayini onse, ndipo kuti amafika 6 koloko itangodutsa, n'kugula tofu zisanu ndi tsabola zisanu ndi ziwiri.

Kunyumba kunalibe nsalu yabwino. Rus anatsegula kabati, n'kuona malaya oyera a Jumadi, a pa Idi, omwe anavalidwa kamodzi kokha. Anawayala patebulo n'kulowetsa sizasi kumsana. Jumadi analowa ntchito ili pakati.

"Dik, mkazi wanga! Wapenga? Malaya anga a pa Idi!"

"Idi ili kutali, Mas, bambo a Nindya. Pa 1 ndiye pali pafupi."

Jumadi anayang'ana chisutikesi pakona. Anapita yekha kukabwereka makina opalasa kwa a neba, n'kuwanyamula pamsana. Rus anasoka makolala atatu: ya nsonga zakuthwa, yozungulira, ndi ya mabatani kunsonga. Anawasita, n'kuwaika mu envelopu ya khaki yomaliza. Sanaikemo kalata, kapena chithunzi, kapena chaka chobadwa. Kunja analemba dzina ndi nambala ya foni. M'chikwama anaponyamo sizasi yake yakale ndi kachitsulo kake ka bobini, kosungira ulusi wapansi pa makina, komwe anachoka nako ku fakitale yakale, poti telala weniweni sayenda manja lende.

Lachinayi m'mawa, mayi wina wamfupi, wa magalasi ndi nkhope ya munthu amene sanagone bwino, anaima pangolo.

"Zisanu, Pak. Tsabola seveni."

Kasmuri anatsokomola mwadala. Rus anaimirira.

"Bu Hartatik, pepani, ndingakuchedwetseni pang'ono?"

Mayiyo anaona envelopu n'kukwinya nkhope. "Kwa alonda, Mbak. Ine sindilandira makalata."

"Mulibe kalata umu, Bu. Kalata yanga ndi imeneyo akukulungirani tofuyo."

Kasmuri anaseka mpaka kutsamwa. Rus anang'amba envelopu yekha, n'kutulutsa kolala imodzi, n'kuipinda pakati pamaso pa kapitawoyo. Nsonga ziwiri zinakumana ngati imodzi. Hartatik anapukuta zala pasiketi, n'kuilandira. Anaitembenuza, anaikoka, anaiyang'anitsa kudzuwa. Anatenga yachiwiri, kenako yachitatu.

"Wasoka ndani?"

"Ine, Bu. Pamakina opalasa a neba."

"Wanama."

"Ndipatseni makina muone. Ana anu akuboola nsonga chifukwa akutembenuza ndi sizasi. Ndipo akumafika pakona n'kukhota nthawi yomweyo, ndiye nsalu imaunjikana mkati. Si aulesi ayi, palibe anawaonetsa."

"Wakuuza ndani za ana anga?"

Rus analoza ngolo. Hartatik anayang'ana Kasmuri, yemwe mwadzidzidzi anatanganidwa kwambiri ndi mafuta ake.

"Nditsate," anatero kapitawo.

Pakhomo la ofesi anakumana ndi mnyamata wolemba antchito, Wisnu, wa tayi ndi tsitsi lonyezimira. Anafunsa chitupa, n'kuchiwerenga, n'kumwetulira mwachisoni.

"Bu Hartatik, malamulo akuti twente-faifi. Awa ndi a sate-eyiti."

"Mas Wisnu, makontena atatu ali panjapo ali ndi zaka zingati?"

"Komatu mafomu..."

"Makina sawerenga chitupa. Tiye ukaonere, mwina uphunzirapo kanthu."

Anamukhazika pamakina a kumapeto kwa layini yachitatu, n'kumuunjikira zidutswa za makolala khumi. Atsikana anayamba kusuzumira, ena akunong'onezana kuti kwabwera agogo. Rus anaponda kamodzi pakansalu koyesera, n'kuima. Makinawo ankalira mokhosomola. Anamasula singano, n'kuigudubuza patebulo, ndipo onse anaona kuti inali yopindika. Anapempha ina. Anachotsa kachitsulo ka bobini ka pamakinapo n'kuikamo kake. Ataponda kachiwiri, makina anayamba kuyimba nyimbo yomwe Rus anaisowa miyezi inayi, ndipo mantha onse anathera pomwepo.

Galu wamkota sakandira pachabe. Akafika pakona, Rus ankaima singano ili pansi, n'kulowetsa kaulusi kopinda pakati pa nsalu ziwirizo, n'kusoka sitichi imodzi yopingasa, kenako n'kukhota. Akamaliza ankadula nsalu yotsala pakonapo, n'kutembenuza, n'kukoka kaulusi kaja. Nsonga inkatuluka yokha, yakuthwa ngati ya mpeni, popanda kuitokosa ndi chilichonse. Pofika kolala yachinayi manong'onong'o anali atatha. Pofika yachisanu ndi chiwiri layini yonse inali itaima, atsikana atamuzungulira, ndipo Hartatik, yemwe ankakalipira munthu akangodzutsa mutu, sanakalipe. Anatenga makolala khumiwo n'kuwapinda pakati imodziimodzi. Khumi onse anakumana.

"Tabwerezani pang'onopang'ono, Bu," anatero mtsikana uja wobisa makolala m'thumba. "Kaulusiko mukukalowetsa bwanji?"

"Khala apa, Nduk. Usaope, nanenso ndinaboola mazana ndisanadziwe."

Mtsikanayo analephera koyamba. Kachiwiri nsonga inatuluka, ndipo anakuwa ngati wapeza ndalama pamsewu. Layini yonse inaomba m'manja.

Hartatik anatembenukira kwa Wisnu. "Fomu yako ya osoka imati twente-faifi. Ya mphunzitsi wa layini imati bwanji?"

Mnyamatayo anafufuza m'mapepala ake. "Siinena zaka, Bu."

"Ndiye ukudikira chiyani? Lemba. Ayamba lero." Kenako anayang'ana Rus pamwamba pa magalasi. "Koma Mbak, makontena aja akapanda kuchoka pofika Loweruka la mawa, ine ndi iwe tikagulitsa nthochi limodzi."

Makontena anachoka Lachitatu.

Papita zaka ziwiri tsopano. Rus ali ndi malayini anayi, ndipo anzake asanu ndi mmodzi a ku fakitale yakale, onse opitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, analowa kudzera mwa iye, aliyense atayesedwa pamakina. Jumadi anaguliridwa malaya ena a pa Idi, ngakhale mpaka lero amadandaula kuti akale aja ndiwo ankamukhala. Anthu osowa ntchito amabwera pakhonde pake Lamlungu, maenvelopu ali m'manja, ndipo Rus sawanyengerera.

"Envelopu ponyani, sindikukuletsani," amatero, "koma musakagone kudikira foni. Pitani kumene kuli ntchitoyo, mukakhale pa wogulitsa zokazinga, pa wa kabaza, pa wometa. Amenewo amadziwa fakitale yomwe ikulemba ofesi isanadziwe. Mukafufuze chomwe chikuwawawa, ndi munthu amene chikumuwawayo. Ndiye musakamuuze kuti ndinu olimbikira, aliyense amatero. Mukamuonetse chinthu choti agwire ndi manja. Wowotcherera anyamule chitsulo chomwe wawotcherera, wophika anyamule mbale. Ndipo wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulowetseni, thawani, ameneyo ntchito yake ndi inuyo."

Ena amamvera, ena amapita kukajambulitsanso chithunzi poganiza kuti vuto linali mtundu wa nsalu. Si onse omvera amene amapeza, ndipo Rus sabisa zimenezo. Amangoti iye anagogoda zitseko makumi anayi ndi chimodzi zolakwika asanapeze cholondola, ndipo anachipeza chifukwa cha njala ya nthochi.

Koma mukamufunsa tsiku lomwe anapambana, satchula za makolala khumi kapena makontena. Amanena za madzulo a Lachinayi lija. Anafika kunyumba ali ndi kakhadi ka fakitale pakhosi, n'kupeza Darsih pakhonde ndi mapepala a ku Taiwan. Rus anamupatsa moni mwaulemu, n'kumudutsa, n'kulowa m'nyumba. Ananyamula chisutikesi chobiriwira yekha, n'kukwera pampando, n'kuchikankhira pamwamba pa kabati mpaka chinagunda khoma. Nindya anali ataima pakhomo la chipinda, akuyang'ana.

"Simupita, Bu?"

"Ndizipita m'mawa, Nduk, n'kumabwera madzulo. Tsiku lililonse."

Mwanayo anangoyang'ana chisutikesicho, n'kuyang'ana mayi ake, n'kubwerera kuchipinda. Rus anamva kuwawa mumtima, poganiza kuti mwina wachedwa kale, kuti chitseko chomwe iye anabisalako kalekale chatsekekanso.

M'mawa mwake anadzuka kusanache kwenikweni kuti asachedwe kuntchito. Anakhala pamkeka akumanga nsapato. Kenako anamva mapazi. Nindya anabwera tsitsi lili nyankhalala, maso ali ndi tulo, n'kudzikhazika pakati pa mawondo a mayi ake ngati sanasiyepo. Anapereka chipeso chakumbuyo, osatembenuka.

"Muluke zothina, Bu," anatero. "Zanga zija zimangomasuka."